Msoko wa Mayi Singano

Mayi Singano ankadana ndi kanthu kolendewera. Ukalowa mu shopu yake batani likulendewera pa malaya, usanapereke n'komwe moni iye anali atatola kale singano. "Taimani pomwepo, mukundiwawitsa mutu," ankatero, n'kukusokera uli chiimire. Dzina lakelo linachokera pamenepo, ndipo lenilenilo anthu analiiwala kalekale.

Shopu yake inali kachipinda kamodzi kogundizana ndi shedi ya mabwato. Munali makina opalasa ndi mapazi, tebulo lodulirapo nsalu, simbi, ndi chitini cha mabisiketi chodzaza mabatani. Windo linkayang'ana kunyanja, koma iye anatembenuza mpando kuti nyanjayo aziipatsa msana. Zaka makumi atatu anakhala m'mphepete mwa madzi amchere amenewo, koma sanalowemo ngakhale mpaka m'maondo. Ankawaopa, ndipo sankabisa. "Chinthu chosagona usana ndi usiku, ine ndichikhulupirire bwanji?" ankafunsa choncho.

Shediyo inali ya mwamuna wake ndi mng'ono wake wa mwamunayo. Anthu ankangowatchula kuti Mkulu ndi Mng'ono. Ntchito yawo inali yophunzitsa anthu kupalasa timabwato tatitali topyapyala, ta munthu mmodzi, timene amati kayaki. Wopalasa amakhala m'bowo la pakati, miyendo ili mkati, ndipo m'chiuno amavala chinsalu chochindikala chimene amati siketi. Mpendero wake ndi wa mphira, umakoledwa mothina pamlomo wa bowolo kuti mafunde asalowe. Mayi Singano ankaseka nazo zimenezi. "Anzanga anakwatiwa ndi ovala tayi, ine wanga amapita kuntchito atavala siketi!" Mkulu ankangoseka chikhakhali, chifukwa anali munthu wosapsa mtima msanga.

Kutsogolo kwa siketi iliyonse kumalendewera kalamba kofiira, kamene abale awiriwa ankakatchula kuti lilime. Kayaki ikagubuduka, munthu n'kukhala chadodolido m'madzi, amakoka lilimelo, siketi n'kumasuka, iye n'kutuluka. Popanda lilime, bwato lija lasanduka bokosi la maliro. N'chifukwa chake awiriwa anali ndi lamulo lawo: munthu asanakankhire bwato m'madzi, mnzake ankabwera n'kugwira lilimelo ndi dzanja, n'kufunsa kuti, "Lili panja?" Winayo n'kuyankha, "Lili panja." Ngakhale atakangana dzulo lake mpaka osapatsana moni, funso limeneli silinkalephereka.

Mayi Singano ankawamva mawu amenewo pawindo m'mawa uliwonse, koma ankayesa ndi nthabwala za amuna. Za kunyanja sankafuna kuzimva, ndipo Mkulu analeka kalekale kumufotokozera. Siketi zikang'ambika Mkuluyo ankasoka yekha pamanja, ati nsalu yake imathyola masingano a makina. Chimene mayiyu ankaona ndi maso ake n'chakuti siketi zikanyowa ankazipachika pamisomali pogwiritsa ntchito kalamba kofiirako. Ndiye kwa iye kanali kopachikira basi. Mungamunene kuti anali wopusa? Ine ayi, sindingatero.

Tsiku lina madzulo anapeza siketi ya mwamuna wake pampando, itang'ambika m'chiuno. Anali atayambana masana ake pa nkhani yopanda mutu, ya ketulo imene Mkulu anaisiya pamoto mpaka kupserera. Mayi Singano sankatha kunena kuti pepani ndi pakamwa, kupepesa kwake kunali kusoka. Anaika singano yaikulu pa makina n'kutseka pong'ambikapo. Kenako diso lake linagwera pa kalamba kaja, kakulendewera ngati lilime la galu, kumapeto kutayamba kusosoka. Anakapinda bwinobwino, n'kukalowetsa kunsi kwa mpendero, n'kukasokerera ndi ulusi wakuda wolimba, mizere iwiri. Siketi inaoneka yaudongo ngati yatsopano. Anaibwezera pampando mtima uli mbee.

Chakudza sichiimba ng'oma. M'mawa mwake kunadzuka chimphepo, ndipo kayaki imodzi imene inagona pamchenga inatengedwa ndi madzi. Mkulu ataiona ikupita cha kumiyala ya kumapeto kwa gombe, anatsomphola siketi pampando, n'kuthamanga, n'kudumphira m'bwato lake. Mayi Singano anangomva chitseko kuti phwa! Sanatembenuke n'komwe, anali kudula nsalu ya yunifomu.

Mwamuna wake anapezeka atafa dzuwa lili paliwombo, kuseri kwa miyala ija. Amene anamupeza ndi Mng'ono. Nkhafi yake yopalasira inali itathyoka pakati. Zina zonse Mayi Singano anazimva ngati zikuchokera kutali, koma chimodzi anachiona yekha atamugwira mwamuna wake dzanja komaliza: zikhadabo zitatu za kumanja zinali zitathyoka mpaka m'mnofu. Anthu anati ndi miyala.

Pamaliro pomwepo ndi pamene anamva bambo wina, amene anaphunzira kupalasa kwa Mkulu, akuuza mnzake monong'ona kuti, "Katswiri ngati uja, analephera bwanji kukoka lilime?" Mnzakeyo anafunsa kuti lilime n'chiyani, ndipo bamboyo anafotokoza zonse. Mayi Singano anali kumbuyo kwawo. Anangogwa pansi, ndipo amayi amene anali naye anayesa wakomoka ndi chisoni.

Patapita sabata Mng'ono anabweretsa katundu wa malemu m'thumba: jekete yoyandamitsa, chipewa, ndi siketi ija. Mayi Singano anayamba kutulutsa siketiyo. Lilime linali panja, likulendewera.

"Alamu, ulusi uwu anadula ndani?" anafunsa.

"Akulu anadula okha asananyamuke," anayankha Mng'ono, maso ali pa chitini cha mabatani. "Anachita kuseka, ati mlamu wako ndi udongo wakewu. Musadzivute, alamu. Inali ngozi basi."

Mawu abwino, eti? Koma telala amawerenga msoko ngati kalata. Mng'ono atatuluka, mayiyu anapita nayo siketi pawindo. Munthu amene akuthamangira bwato lothawa sakhala pansi kumadula mizere iwiri ya ulusi. Komanso mpeni umene unadutsa pamenepo unalumpha kanayi n'kucheka nsalu, dzanja la wodulayo linali lonjenjemera. Mkulu dzanja lake silinanjenjemerepo, ankatha kulowetsa ulusi pa singano popanda magalasi. Komabe mwina, mwina anadula yekha mofulumira. Pa "mwina" ameneyo ndi pamene Mayi Singano anakolekapo moyo wake, ndipo funso linali limodzi lokha, pogona ndi podzuka: kodi msoko wanga ndi umene unapha mwamuna wanga?

Chaka chinatha. Anaonda mayiyu mpaka kumabweza madiresi ake omwe. Mabatani a anthu ankalendewera pamaso pake iye osawaona. Mwana wake wamkazi, amene ankagwira ntchito kutali, ankaimba foni kumuchonderera kuti atseke shopu akakhale naye, koma iye ankangoti, "Ndikubwera, mwanawe, pali kamsoko kamene sindinamalize." Mng'ono naye anasanduka munthu wina. Kale anali wolongolola, koma tsopano ankangopereka moni pakhomo osalowa. Akamufunsanso za ulusi uja, yankho linali lomwe lija, mawu ake osasintha ngakhale limodzi, ngati mwana woloweza ndakatulo.

M'mawa wina Mayi Singano analowa mu shedi, koyamba chimwalirire mwamuna wake. Munkanunkha mchere ndi mphira. Mng'ono anali kupukuta nkhafi.

"Alamu, ndiphunzitseni kupalasa."

Mng'ono anayasama. "Inu? Inu amene mumatseka maso madzi akamathira m'bafa?"

"Ine ndemwe. Kapena okalamba simuphunzitsa?"

"Mukufunanji m'madzimo, alamu?"

"Ndikufuna ndione kumene akulu anu ankapita tsiku lililonse," anatero. Linali bodza la theka.

Tsiku loyamba, abale inu, zinali zomvetsa chisoni ndi zoseketsa pamodzi. Madzi anali ofika m'maondo, Mng'ono atagwira bwato kumbuyo, koma mayiyu anauma gwa, nkhafi ataifumbata ngati akufuna kuifinya madzi. Bwato linkangoti njenjenje.

"Likundigwetsa! Alamu, likundigwetsa!"

"Bwato silikunjenjemera, mukunjenjemera ndinu," anatero Mng'ono. "Tulutsani mpweya kaye. Wonse. Tsopano masulani chiuno, bwato lizivina lokha pansi panu. Mukauma, mugwa."

"Chiuno changa chinasiya kuvina inu musanamere ndevu!"

Mng'ono anaseka, ndipo onse awiri anadzidzimuka nako kusekako, chifukwa pamalopo panali patatha chaka osamveka phwete.

Anapitiriza m'mawa uliwonse shopu isanatsegulidwe. Asanakankhe bwato, Mng'ono ankagwira lilime la siketi yake, osati kamodzi koma kawiri, n'kufunsa, "Lili panja?" Anamuphunzitsa kuti asamayang'ane mphuno ya bwato koma kutali, kumene madzi akumana ndi mitambo. Anamuphunzitsa kuti funde ulipatse mphuno, osati nthiti, ndiponso kuti bwato loyenda ndi lokhazikika kuposa loima, choncho mantha akakugwira usasiye kupalasa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ankatero. Sabata yoyamba sanapitirire pamene munthu angaime. Yachitatu anafika pa chitsulo chomangirira mabwato. Mwezi wachiwiri anazungulira mbendera yofiira n'kubwerako yekha.

Mantha sanathe ayi, ndisakunamizeni. Koma mayiyu anapeza njira yakeyake. Anaona kuti nkhafi ili ndi kayendedwe kofanana ndi chopondera cha makina ake, uku, uko, uku, uko, ndiye ankangoganiza kuti akusoka mpendero wautali pamwamba pa madzi. "Mantha ndi kasitomala wovuta," anauza Mng'ono tsiku lina. "Sumuthamangitsa. Umamupatsa mpando akhale, iwe n'kumapitiriza kusoka."

Kenako linafika phunziro limene aliyense amaliopa, logubuduka dala. Mng'ono anaima m'madzi ofika m'chifuwa, pambali pa bwato. "Mukatembenuka musathamange," anatero. "Menyani bwato katatu ndi manja, kuti mutu udziwe kuti mukadali moyo. Kenako tsatani mlomo wa bowo ndi zala mpaka mupeze lilime, mukoke. Ine ndili pompano."

Mayi Singano anapemphera kamphindi, n'kupendekeka. Khuvu! Kuzizira, mdima wobiriwira, mchere m'mphuno. Anamenya katatu. Zala zinayenda, zinapeza kalamba, anakoka, ndipo siketi inangoti fwaa. Anatulukira pamwamba akutsokomola, ali moyo. Zinali zophweka moti mpaka zinamupweteka mtima. Kanthu kakang'ono chonchi! Mwana amene akanatha. Mng'ono anaomba m'manja, koma iye analira, ndipo mlamu wakeyo anayesa ndi misozi ya chimwemwe. Anabwereza kakhumi sabata imeneyo, mpaka dzanja linkapita lokha pa lilime.

Lolemba lotsatira anadzuka m'mamawa, n'kutulutsa siketi ya mwamuna wake m'kabati. Anaibweza m'chiuno kuti imukwane. Kenako anapinda lilime lija, n'kulilowetsa kunsi kwa mpendero, n'kulisoka ndi ulusi wakuda womwe uja, mizere iwiri, singano ikulowa m'mabowo akale.

Kunja kunali bata, nyanja ili phee. Anakokera yekha bwato m'madzi, n'kukhalamo, n'kukoleka siketi. Mng'ono anatuluka mu shedi akumanga jekete, n'kubwera kudzagwira lilime monga mwa masiku onse. Dzanja lake linafufuza, silinapeze kanthu. Anayang'ana siketiyo, n'kuizindikira, nkhope n'kugwa.

"Alamu, n'chiyani chimenechi?"

"Lili mkati," anatero Mayi Singano. "Ndasoka mmene ndinasokera tsiku lija. Ndakufunsani chaka chathunthu, mukundiyankha ndakatulo. Ndiuzeni lero: anadula ulusi uja ndani?"

"Ndinakuuzani kale. Tsikani m'bwatomo, musachite zamisala."

"Ndiye poti inu simunena, andiuza ndi madzi."

Analasa nkhafi mumchenga n'kudzikankha. Amene anamuphunzitsa ndi Mng'ono yemweyo, ndipo anamuphunzitsa bwino: kupalasa kanayi kokha, bwato linali litafika pa madzi a m'khosi. Anamva mlamu wake akukuwa, akuthamanga m'madzi. Anatulutsa mpweya, n'kukoka wina, n'kupendekeka.

Anamenya katatu. Zala zinatsata mlomo wa bowo mpaka kutsogolo, ndipo zinapeza posalala. Anadziwa kumene lilime lili, si ndiye analisoka yekha? Analimva kunsi kwa nsalu, lili phee. Analowetsa zikhadabo pa ulusi n'kukoka. Msoko sunasunthe. Anakanda, anakoka, anakankha ndi maondo, mphira unangomukanikiza. Zaka zonse zimene anakhala pa makina, Mayi Singano sanasokepo msoko womasuka, ndipo uwu unali umodzi mwa abwino kwambiri. Chifuwa chinayamba kuyaka moto. Pamenepo anamuona mwamuna wake, osati nkhope, koma dzanja lake lija, likufufuza pamalo omwewa, likudabwa.

Bwato linatembenuzidwa mwamphamvu. Kuwala, mpweya, kutsokomola. Mng'ono analikokera kumchenga akutukwana mawu amene sanawatchulepo pamaso pa mlamu wake. "Mukufuna ndinyamule wachiwiri? Mukufuna mundiphe ine? Mwapenga kodi?"

Mayi Singano ankayang'ana dzanja lake lamanja. Zikhadabo ziwiri zinali zitathyoka, magazi akusakanikirana ndi madzi. Analitukula kuti mlamu wake alione.

"Si miyala, alamu," anatero motsitsa.

Mng'ono anakhala pansi m'madzi momwemo. Analira bambo wamkulu, kulira kwa kukamwa kuli yasa, kumene sanalire ngakhale pamaliro.

"Ndinadula ndine," anatero. "Ndinawapeza ali m'bwato, chadodolido, siketi ili chitsekere. Ndinadula ndi mpeni wanga anthu asanafike."

"Kuti mundibisire ine."

"Poyamba ndinkadziuza choncho." Anapukuta mphuno ndi mkono. "Alamu, m'mawa uja ine ndinali pompa. Pompa! Kapu ya tiyi ili m'manja. Anandidutsa akuthamanga, ndipo ndinawaona akukoleka siketi. Mapazi khumi okha. Ndinati ndipite ndikagwire lilime, koma ndinati aa, akuluwa ndi akatswiri, tiyi wanga azizira. Zaka makumi awiri sitinaphonyepo, ndinaphonya tsiku limenelo. Inu simunkadziwa ntchito ya kalambako. Ine ndinkaidziwa. Anthu akanaona ulusi uja akanafunsa kuti, nanga Mng'ono anali kuti?"

Mayi Singano anayembekeza kuti akwiya, koma mkwiyo sunabwere. Chimene chinabwera ndi chisoni chokhachokha, cholemera, cha mwamuna wake, cha iye mwini, ndi cha munthu uyu amene anakhala chaka chonse kuseri kwa khoma limodzi ndi iye, atasenza mtolo womwewo, aliyense akubisira mnzake. Yankho limene ankalifuna analipeza, ndipo linali lomwe ankaliopa. Madzi akatayika saoleka.

"Ndinkapepesa za ketulo," anatero. "Msoko umene uja kunali kupepesa kwanga."

Kenako mayiyu anatambasula dzanja. "Bwerekeni mpeni." Anadula ulusi wake yekha, umodziumodzi, mosacheka nsalu, n'kusolola lilime lija kuti lilendewere.

"Katengeni bwato lanu," anatero. "Mukandionetse pamene munawapeza."

"Ndi kutali, alamu. Kuseri kwa miyala kuli mafunde."

"Ndikudziwa. Ndikuopa kale, ndiye palibe chatsopano."

Mng'ono anakoka bwato lake n'kukhalamo. Asanagwire nkhafi, Mayi Singano anasendeza lake pafupi, n'kugwira kalamba ka mlamu wake ndi zala zamagazi zija.

"Lili panja?"

Mng'ono anangogwedeza mutu, n'kugwira la mlamu wake.

Anapita, ndipo anafika. Pamalopo panalibe chilichonse choti munthu n'kuona, madzi okhaokha akukwera ndi kutsika pamwala wakuda. Mayi Singano analoza mphuno ya bwato ku mafunde, n'kumapalasa pang'onopang'ono kuti asagwe, ndipo ananena mokweza mawu amene sanawanenepo kwa mwamuna wake ali moyo. Anati, "Pepani, bambo."

Shopu ija ikadalipo. Mpando tsopano unayang'ana kuwindo. Siketi zonse za mu shedi amasoka ndi iye, ndipo malilime ake ndi aatali, ofiira, onyansa, olendewera mpaka munthu kuchita nawo manyazi. Wophunzira wina akadandaula kuti kalambaka kakutalika, bwanji akapinde, Mayi Singano amaimitsa makina n'kumuyang'ana mpaka munthuyo kusowa poponya maso.

"Kasiyeni kalendewere," amatero, n'kupitiriza kusoka.